Mafunso Anu: Kodi chibadwa cha mtengo chimafika bwanji mumtsinje?

Funso: Ndinamva kuti mitengo iwiri yooneka ngati yofanana ikhoza kudyetsa mtsinje mosiyana chifukwa cha chibadwa chake. Mtengo uli pamtunda, tizilombo tili m'madzi. Zikukumana pati?

Yankho: Zikukumana pa tsamba lothothoka. Kamtsinje kokutidwa ndi mthunzi sikamera ndere zambiri, choncho zamoyo zake zimadalira masamba ogweramo. Tsamba likangogwa, pa tsiku limodzi kapena awiri shuga ndi zina zosungunuka zimatsukika. Kenako nkhungu za m'madzi ndi mabakiteriya zimalilowa n'kulifewetsa, ndipo m'pamene mphutsi za tizilombo touluka totchedwa caddisfly ndi stonefly zimayamba kulinyenya.

Chibadwa chimakhudza kwambiri kuchuluka kwa tanini m'tsambamo. Awa ndi mankhwala aja amene amamanga mkamwa mukaluma chipatso chosapsa. Tanini amagwira mapuloteni, motero nkhungu zimavutika ndipo tsamba limachedwa kuwola.

Mu 2006, Carri LeRoy, Thomas Whitham ndi anzawo anaonetsa zimenezi ndi mitengo ya cottonwood ya kumtsinje wa Weber ku Utah, m'dziko la America. Masamba a mtundu wa cottonwood wotchedwa Populus fremontii, amene ali ndi tanini wochepa, anawola msanga kuposa a mtundu wina wotchedwa Populus angustifolia ndi a mitengo ina yobadwa posakanizika kwa iwiriyi. Tizilombo topezeka pa masambawo tinasiyananso.

Musafulumire kuweruza kuti tsamba lowola msanga ndilo labwino. Limakhutitsa mphutsi mwachangu, koma silichedwa kutha, pomwe lochedwa kuwola limasunga chakudya kwa nthawi yaitali. Mphutsizo zikakula zimamera mapiko n'kutuluka m'madzi, ndipo akangaude, mileme ndi mbalame zimazidikira m'mphepete. Ku Hokkaido, m'dziko la Japan, Shigeru Nakano ndi Masashi Murakami anapeza mu 2001 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya cha pachaka cha mbalame za m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Horonai limachokera ku tizilombo ta m'madzi.

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi. Tingayese bwanji zimenezi ndi ana asukulu?

Yankho: Tolani masamba ongothothoka kumene a mitengo isanu ya mtundu umodzi, a mtengo uliwonse paokha. Musathyole aawisi, chifukwa mtengo umayamba wabweza nayitirojeni wina tsamba lisanagwe. Aumitseni pamthunzi, muyeze magalamu 5 pa kathumba kalikonse ka neti. Timatumba tina tikhale ndi mabowo a mamilimita 10 kuti mphutsi zilowe, tina a mamilimita 0.5 kuti mulowe nkhungu ndi mabakiteriya okha. Mtengo uliwonse ukhale ndi timatumba tosachepera 12 ta mtundu uliwonse wa neti.

Timangeni pa chikhomo pamalo oyenda madzi, ndipo muzivuula tinayi pa tsiku la 7, la 14 ndi la 28. Tsukani, werengani tizilombo, umitsani zotsalazo pa madigiri 60 kwa maola 48, muyezenso.

Chimasokoneza kwambiri ndi mchenga. Ukalowa m'kathumba, sikelo imanama kuti tsamba silinawole. Kathumba kokwiririka m'matope kamasowanso okosijeni. Dziwaninso kuti kusiyana kumene mungaone kungachokere ku dothi limene mitengoyo inamerapo. N'chifukwa chake akatswiri amadzala mitengo yonse m'munda umodzi kuti chotsala chosiyana chikhale chibadwa chokha.

Funso: Tikufuna kubwezeretsa mitengo m'mbali mwa mtsinje pogwiritsa ntchito nthambi zodula. Kodi tingadule pa mtengo umodzi wamphamvu?

Yankho: Ayi, chonde. Nthambi 500 za mtengo umodzi ndi mtengo umodzi womwewo pa chibadwa: yonse idzayoyola masamba nthawi imodzi, ndi tanini wofanana, ndipo nthenda imodzi ikhoza kuipha yonse. Dulani pa mitengo yambiri yachilengedwe ya m'chigwa chomwecho, yotalikirana, poti yoyandikana nthawi zina imaphuka pa muzu umodzi. Ngati ndi cottonwood kapena msondodzi, pali mitengo yaimuna ndi yaikazi. Tengani yonse iwiri, apo ayi sipadzakhala njere zomeretsa mitengo yatsopano.