Ine anandifunsa dzina la mwana basi

Achemwali, mwati mukuyamba kukaonana ndi psychologist (katswiri wothandiza za maganizo pokambirana) Lachiwiri ndipo mtima uli thithithi. Choyamba, musayembekezere mapilitsi. Psychologist salemba mankhwala, amalemba ndi dokotala wa matenda a maganizo kapena clinical officer. Ine ndinanyamula buku langa lakuchipatala ndili ndi chikhulupiriro kuti ndibwerako ndi ogonetsa. Ndinabwerako ndi kapepala koti ndizilembapo nthawi imene ndagona ndi imene ndadzidzimuka. Ndinakwiya njira yonse, transipoti yanga yapita pachabe.

Mwana wanga anamwalira ali ndi masiku 9. Anakamuika amayi okhaokha m'mamawa, ine akundiuza kuti usalire mokweza, ukadali mtsikana, ubereka wina. Miyezi 5 ndinkangoti ikakwana 2 koloko usiku maso gwa, mpaka tambala.

Tsiku loyamba ndi mafunso okhaokha, pafupifupi ola lathunthu. Mumagona bwanji, mumadya, mumakhala ndi ndani, kumtundu kwanu alipo anadwalapo zotere. Adzakuuzani kuti zokambazo zithera m'chipindamo, pokhapokha ngati mukufuna kudzivulaza kapena kuvulaza wina. Ndipo adzakufunsani mosapsatira ngati munaganizapo zodzipha. Musadzidzimuke, amafunsa aliyense. Ine ndinanama, ndinati ayi.

Ulendo wachitatu ndi umene unandigwetsa. Mayi psychologist uja anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Mwanayo munamutcha ndani?" Anthu inu! Chichokereni kuchipatala panalibe anatchulapo dzinalo, ngakhale bambo ake, onse ankangoti "zinachitika zija". Ndinatsegula pakamwa mawu osatuluka, kenako ndinalira kulira kwake kwa pamaliro, kumene anandikaniza kuja, mamina mbwee, tishu yense wapatebulo ndinamaliza mpaka ndinayamba kupukutira chitenje. Iwo osandiletsa, osati "pepani limbani mtima", anangokhala phee kundidikira. Nthawi itatha ndinatuluka miyendo ili zii, ndinakakhala pamwala pasiteji, maminibasi atatu anadutsa kondakitala akundikuwira ine osamva. Sabata imeneyo ndinali woipirapo kuposa ndisanayambe, ndipo anali atandichenjeza kuti zimatero ukayamba kutokosa chilonda, koma kumva ndi kuona n'zosiyana.

Ndiye pali mlamu wanga. Anapisa m'chikwama mwanga akuti akufuna chaja, anapeza kakhadi kolembapo tsiku lobwerera. Osandifunsa ine. Lachinayi kumsonkhano wa amayi kutchalitchi anaimirira n'kupereka ngati chopempherera: "Timukumbukire mlamu wanga, mutu wayamba kusokonekera, akumapita kwa amisala." Ine ndili pomwepo, benchi yachitatu! Pofika Lamlungu nkhani inali yoti andimanga zingwe kupita nane ku Zomba. Mayi wina amene ndinkamugulitsa mandasi tsiku lililonse anayamba kutuma mwana kwina. Munthu yemweyo amene sanabwere n'komwe ndi kankhuni komwe pa zovuta zanga, lero ndiye wachifundo wopempherera anthu pagulu. Mpaka pano timangopatsana moni wa pamsewu, ndipo sindikufuna wina andiuze zokhululuka pansi pa ndemangayi.

Manyazi ake ndinasiya kupita miyezi iwiri. Nditabwerera psychologist uja sanandikalipire, anangoti tipitirize pamene tinalekezera. Tsiku limenelo ndi limene ndinaulula kuti funso lija ndinanama. Tinalemba papepala anthu awiri oti ndiziwaimbira usiku zikandithina, ndipo ananditumizanso kwa dokotala, mankhwala aja ndinadzamwa ndithu kwa kanthawi. Njira imene psychologist uja ankagwiritsa ntchito amati CBT, mumagwira ganizo limodzi, langa linali loti "ndinamupha ndine chifukwa ndinachedwa kupita naye kuchipatala", n'kumalifunsa umboni ngati kukhoti. Homuweki imakhalapo, musaizembe ngati ine.

Funsani pachiyambi pomwe kuti mudzakumana kangati ndipo ngati n'kolipira ndi zingati ulendo umodzi, chifukwa apulaiveti ndalama yake si yamasewera. Ena amene mukuwerenga mwakachetechete, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza za maganizo, ku Queens ku Blantyre kulinso kiliniki yake, sikuti zonse ndi ku Zomba ayi. Mukaona kuti munthuyo simukugwirizana naye, mwina akungokulalikirani, muli ndi ufulu wopempha wina.

Musadumphe ngakhale ulendo umodzi. Ndipo musauze anthu ambiri, achibale makamaka, kakhadiko kabiseni mufoni mujambule chithunzi pepalalo mutaye. Koma musapitenso nokha, pezani mmodzi woti akakudikireni panja ndi botolo la madzi, chifukwa pamwala paja ndikanakonda pakanakhala wina wondikweza minibasi. Madzulo a tsikulo musaike pulogalamu iliyonse, ndiwo phikiranitu m'mawa.