Masheya kapena kuonjezera mpamba? Yankho kwa mayi wa ku Taifa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wogulitsa zitenje ku Taifa Market kuno ku Mzuzu. Akuti banki m'khonde yawo yagawana, iwo apeza K900,000, ndiye mlamu wawo akuwaumiriza kuti agule masheya a mabanki poti anthu akuphula nawo. Akufunsa ngati agule kapena angoonjezera mpamba.

Mayi, mlamu wanuyo sakunama ayi. FDH Bank italowa pa Malawi Stock Exchange mu 2020 sheya imodzi inali K10, pano inadutsa K100 kalekale, ndipo masheya a National Bank, Standard Bank, NBS ndi NICO nawonso akwera kobasi zaka zapitazi. Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi chifukwa chake akukwera, poti apa ndi pomwe ambiri akugwera m'mbuna.

Inu nomwe mukudziwa zomwe zinachitika kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene munkaodera katundu wodzadza chikwama kuwoloka pa Songwe inayamba kubweretsa theka. Ndiye anthu andalama komanso makampani a penshoni anaona kuti kusunga kwacha ku akaunti ndikungoisiya isungunuke, athamangira ku masheya, koma makampani ali pamsikawo ndi ochepa, sakwana ngakhale 20. Ogula ambirimbiri, ogulitsa ochepa, mtengo ukwera basi, chimodzimodzi tomato nthawi yadzinja.

China, phindu lalikulu la mabanki likuchokera kokongoza boma pa chiwongola dzanja chokwera, Reserve Bank inakweza polisi reti kufika 26 peresenti mu 2024. Izi ine zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa boma lili ndi ngongole yolemera, ndipo tsiku limene chiwongola dzanja chidzatsike kapena boma lidzapemphe kubweza mwapang'onopang'ono, phindu lija lichepa ndipo mitengo ya masheya itha kutsika nayo. Wogula lero akugula zodula kale, si ngati uja anagula pa K10.

Ndiye ine ndikanakhala inu mpamba sindikanaukhudza. Zitenje mumazidziwa, mumaona nokha zikuyenda bwanji, ndalama imazungulira mwezi ndi mwezi ndipo ndi imene imadyetsa ana. Masheya si choncho, dividendi imabwera kamodzi, kawiri mwina katatu pachaka, ndipo mwana akadwala usiku simungagulitse sheya m'mawa mwake ndalama n'kuigwira m'manja, pamafunika kaye wogula apezeke, nthawi zina pamadutsa masiku.

Koma musawathawiretu. Patulani kagawo kamene mukudziwa kuti simudzakafuna kwa zaka zitatu kapena zisanu, kaya K150,000, muyambe nako. Mudzere kwa broka wovomerezeka ngati Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, ambiri maofesi awo ali ku Blantyre koma mutha kulumikizana nawo pa foni ndi imelo, akutsegulireni akaunti ya CSD m'dzina lanu ndi chiphaso chanu cha unzika. M'dzina lanu mayi, osati la alamu, ngakhale mumakondana bwanji. Ndipo musaike zonse ku mabanki okha, onaninso Airtel, TNM, Illovo kapena Press Corporation, mufunse broka akuonetseni phindu ndi dividendi za zaka zingapo zapitazo musanasankhe.

Wina akakupezani pa WhatsApp n'kumati tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money ndikugulireni masheya muwine kawiri pamwezi, chonde musatumize ngakhale K1,000, ameneyo si broka.