Mwana wodwala khunyu amene makolo ena akufuna kuti achoke m'kalasi

Mayi wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo yofunsa za mwana wa mchemwali wake, mnyamata wa zaka 9 wa Sitandade 3, yemwe amadwala khunyu. Mwanayo wagwapo kawiri m'kalasi, ndipo makolo ena akadandaula kwa mphunzitsi wamkulu kuti awapatsira ana awo matendawa. Mayiyu akufunsa ngati kuli bwino kumusiyitsa sukulu kuti apewe chitonzo, kapena ngati pali njira yosinthira maganizo a anthu a m'deralo.

Amayi, yankho langa ndi lakuti mwanayo asachoke pasukulupo ngakhale kwa teremu imodzi. Mukamubisa pakhomo, makolo odandaulawo adzati nanunso mwavomereza kuti mwanayo ndi woopsa, ndipo mwana wina wa khunyu amene adzabwere pambuyo pake adzapeza khomo lotseka kale.

Makolowa musawatenge ngati anthu oipa mtima, chifukwa chikuwavuta ndi mantha. Ambiri tinakula tikumva kuti ukakhudza thovu lotuluka m'kamwa mwa munthu amene wagwa, kapena ukapuma mpweya umene watulutsa, nawenso uyamba kugwa. Zimenezi si zoona. Khunyu imayamba ubongo ukasokonekera kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo kuno kwathu kawirikawiri imatsatira malungo olowa mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu, kapena mavuto a pobadwa pamene mwana wachedwa kupuma. Siyenda m'malovu, m'mbale kapena pamphasa. Mantha omwewa ndi amene amachititsa kuti odwala ambiri akhale ndi zipsera zamoto, pakuti munthu akagwera pamoto anthu amangoima patali osamukoka. Kenaka pamabweranso chikhulupiriro china chakuti wakhunyu akapsa sachiranso, motero abale amasiya kumutengera kuchipatala pa nthawi imene akufunika chithandizo koposa.

Choyamba choti muchite chili kuchipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse odwala khunyu akhoza kusiya kugwa ngati apimidwa bwino ndi kumwa mankhwala oyenera. Mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate amaperekedwa m'zipatala za boma, ngakhale kuti nthawi zina amasowa. Amafunika kumwa tsiku lililonse, ndipo kusiya mwadzidzidzi chifukwa mwana akuoneka kuti wachira kungabweretse kugwa koopsa kuposa kwa poyamba.

Koma mankhwala paokha sangachititse ana anzake kudya naye phala limodzi. Pemphani mphunzitsi wamkulu kuti aitane msonkhano wa makolo, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi loyang'anira ana pasukulupo, ndipo pabwere mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, yemwe anthu amamudziwa kale kusikelo ya ana. Ndimaona kuti misonkhano yotereyi imalephera pamene wolankhula angolalikira za chikondi ndi chifundo, anthu n'kuomba m'manja, n'kubwerera kwawo ndi mantha awo omwe aja. Chothandiza ndi kuwaonetsa zochita mwana akagwa: kuchotsa mabenchi ndi miyala pafupi naye, kuika nsalu pansi pa mutu wake, kumugoneka cham'mbali kuti malovu atuluke, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, osamuthira madzi, ndi kuthamangira naye kuchipatala ngati kugwako kwapitirira mphindi 5. Ana akaona mphunzitsi wawo akupukuta mnzawo kukamwa ndi dzanja lake, n'kubwera mawa lake ali bwinobwino, amakafotokoza okha kunyumba, ndipo umboni umenewo makolo amaumva kuposa mawu a mlendo aliyense. Musaiwalenso a mfumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, chifukwa nkhani ya ufiti ndi ziwanda ikabuka, ndi iwo amene anthu amayang'ana kuti anenapo chiyani.

Malamulo ali kumbali yanu. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, dziko lino linavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo lokhudza anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA. Komabe ndikulangizani kuti musayambe ndi kuopseza anthu ndi malamulo, popeza mwanayo adzapitirizabe kukhala m'mudzi womwewo ndi kutunga madzi pamjigo womwewo. Ngati mphunzitsi wamkulu wagonjera odandaulawo n'kuuza mwanayo kuti ayambe wakhala kunyumba, pamenepo kaonaneni ndi mlangizi wa zamaphunziro wa zoni yanu, a PEA, ndipo iwo akalephera, pitani ku ofesi ya zamaphunziro kapena yoona za chisamaliro cha anthu paboma la Ntcheu mutatenga buku la kuchipatala la mwanayo.