Keats anatengera kwa ndani, nanga ndani anatengera kwa iye?

Mwafunsa ngati John Keats, mlakatuli wa ku England amene anamwalira ku Rome mu 1821 ali ndi zaka 25 zokha, anali ndi nthawi yophunzira kwa alakatuli akale ndi kusiyira ena chitsanzo. Yankho langa ndi lakuti inde. Amene anamutsegula maso ndi Edmund Spenser, yemwe ndakatulo zake anazidziwa kudzera mwa Charles Cowden Clarke, mwana wa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yake ku Enfield. Keats anakonda kwambiri zolemba za Shakespeare, koma John Milton ndiye anamuvutitsa mtima, moti mu 1819 Keats anasiya ndakatulo yake yaitali yotchedwa Hyperion isanathe poona kuti kaumbidwe ka ziganizo zake kafanana kwambiri ndi ka Milton, ndipo ine ndimaona kuti apa m'pamene anayamba kudzidalira.

Ali moyo, olemba a magazini ya Blackwood's ankamunyoza kuti ndi munthu wamba wosaphunzira. Dzina lake linamveka pamene Richard Monckton Milnes anasindikiza makalata ndi mbiri ya moyo wake mu 1848. Mlakatuli Tennyson anatengera kwa Keats luso lofotokoza chinthu mpaka wowerenga achite ngati akuchiona, katswiri wojambula zithunzi Millais anajambula nkhani za m'ndakatulo zake, ndipo mlakatuli Wilfred Owen, amene anafera ku nkhondo mu 1918, ankamuwerenga kuyambira ali mnyamata.