Chisomo sichigulidwa, komanso sichifafaniza ngongole ya mnzako

Adzukulu anga, andifika mafunso awiri ochokera kwa anthu osadziwana, koma nkhani yake ndi imodzi. Loyamba ndi la mnyamata. Akuti: "Agogo, kutchalitchi timaphunzira kuti munthu amapulumuka mwa chisomo, osati ndi ntchito zake. Nanga akuluakulu mumatilondalonda chifukwa chiyani pa nkhani ya khalidwe? Ine ndinabwereka ndalama kwa mnzanga pomunamiza kuti ndadwalitsa, chonsecho ndinkafuna kuchitira zanga. Ndinalapa, ndipo ndikukhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira. Koma mnzangayo akundisowetsabe mtendere. Kodi zakale sizinapite?" Lachiwiri ndi la mtsikana. Akuti: "Ndinachita chinthu chimene sindingathe kuchitchula. Ndasala kudya, ndapereka chopereka choposa mphamvu zanga, kumapemphero sindijomba, koma mtima wanga sukukhala pansi. Ndichitenso chiyani kuti Mulungu andilandire?"

Ndiyamba ndi iwe mtsikana, chifukwa ndiwe amene sukuona tulo.

Mdzukulu wanga, leka kulipira. Kusala kudya ndi kwabwino, kupereka ndi kwabwino, koma iwe wazisandutsa ndalama zogulira chikhululukiro, ndipo n'chifukwa chake ukuzipeza zosakwana tsiku lililonse. Sizidzakwana. Pa Mateyu 18 Yesu anakamba za kapolo amene anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu. Talente imodzi inali ngati malipiro a masiku 6,000 a munthu waganyu. Ukawerengera, kapoloyu anafunika kugwira ntchito masiku 60 miliyoni, osadya, osavala, kuti amalize ngongoleyo. Koma tamvera zimene ananena atagwada: anapempha kuti mfumu imulezere mtima, adzabweza zonse. Adzabweza ndi chiyani? Mfumu sinamuwonjezere masiku, sinamuchotsereko theka. Inagwidwa ndi chifundo, n'kufafaniza ngongole yonse. Pemphero lako la masiku ano likufanana ndi la kapolo uja, lolonjeza zimene sungathe, pamene Mulungu akufuna kukupatsa chinthu chachikulu kuposa chimene ukupempha.

Ngongoleyi ndi yaikulu chotere chifukwa uchimo si chinthu chimodzi chija chokha chimene chikukudya mumtima. Akhristu amaphunzitsa kuti uchimo uli ndi mizu yakuya. Ndi mtima umene wafulatira Mulungu n'kudziika wokha pampando, ndipo bodza, kuba, chigololo, kaduka ndi miseche zimaphuka kuchokera pamenepo. Paulo pa Aroma 3:23 akuti onse anachimwa, sakupatula aliyense, ngakhale agogo ako amene ndikulemba pano. Pa Aroma 7 akudandaula za iye mwini, kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sakuchifuna ndicho amachichita. Munthu wa mtima wotere sangadzikonze yekha, pakuti chida chimene akanakonzera ndi mtima womwewo. N'chifukwa chake chipulumutso chinachokera kunja kwa ife. Aroma 5:8 akunena kuti Khristu anatifera tidakali ochimwa. Sanadikire kuti tiyambe tasamba.

Ukawerenge pang'onopang'ono nkhani ya mwana wolowerera pa Luka 15, ukaone kanthu kamene ambiri amakadumpha. Mnyamata uja ali kumene ankadyetsa nkhumba anakonza mawu okanena kwa bambo ake, ndipo mawu omaliza anali akuti amutenge ngati mmodzi wa antchito awo. Ankafuna kukalipira ndi thukuta, monga iwe. Atafika anayambadi kulankhula, n'kuvomera kuti wachimwira kumwamba ndi bambo ake, kuti sayeneranso kutchedwa mwana. Koma mawu a zauntchito aja sanawafike. Bambo anali atayamba kale kuitana antchito kuti abweretse mkanjo wabwino koposa, mphete ndi nsapato. Kuvomera kulakwa kwake bamboyo anakumva, koma zoti mwana wake akhale waganyu pakhomo pake sanazipatse mpata.

Ukuti chimene unachita sichitchulika. Davide anatenga mkazi wa Uriya, msilikali wake wokhulupirika, ndipo pofuna kubisa mimba analemba kalata yophetsa Uriya kunkhondo, n'kumupatsira mwini wakeyo kuti ainyamule. Mneneri Natani atamuloza chala, Davide anavomera kuti wachimwira Yehova, ndipo Natani anamuuza kuti Yehova wachotsa tchimo lake. Salimo 51 ndi pemphero lochokera pa nkhani imeneyi. Ulipemphere ngati lako. Ndiponso usasenze wekha katunduyu. Yakobo 5:16 akutilangiza kuululirana machimo ndi kupemphererana. Ngati uli Mkatolika, pita kwa wansembe ukalandire sakramenti la kulapa. Ngati uli wa mpingo wina, funa abusa kapena mayi wachikulire wa mumpingo wodziwa kusunga pakamwa. Chinsinsi chikatchulidwa pamaso pa munthu wachifundo chimachepa mphamvu. Ndiwonjezere ichi, chifukwa atsikana ambiri amadziimba mlandu wosakhala wawo: ngati chinthucho wina anakuchitira mokukakamiza kapena mokuopseza, tchimolo ndi lake, si lako. Pamenepo chimene ukufunika ndi thandizo ndi chitetezo, ndipo uuze munthu wamkulu womudalira msanga.

Nkhawa yakoyi ndi yakale mu mpingo. Cha m'ma 400 kunali mphunzitsi wina ku Rome dzina lake Pelagius, wochokera ku Britain. Ankanyansidwa ndi khalidwe lotayirira la Akhristu, ndipo apa sindimunena, anali ndi chifukwa. Koma mankhwala ake anali olakwika. Ankaphunzitsa kuti munthu ali nazo mphamvu mwa iye yekha zosungira malamulo a Mulungu, ndipo kuti Adamu anangotisiyira chitsanzo choipa basi. Amene anamutsutsa kwambiri anali Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Iye anati ngakhale kufuna kwenikweniko kubwerera kwa Mulungu ndi mphatso ya Mulungu. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana chiphunzitso cha Pelagius mu 418. Patapita zaka zoposa 1,000, Martin Luther ali mmonke ku Germany anadzizunza ndi kusala ndi kulapa kosatha, osapeza mtendere, mpaka anamvetsa Aroma 1:17, kuti wolungama adzakhala ndi moyo mwa chikhulupiriro. Mkangano umene anauyambitsa mu 1517 unagawa mpingo, ndipo mabala ake tikuwaonabe. Komabe pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, Akatolika ndi a Lutheran anasainirana chikalata chovomereza limodzi kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo kuti Mzimu Woyera amakonzanso mitima yathu n'kutiitanira ku ntchito zabwino. A Methodist anavomereza nawo mu 2006, mipingo ya Reformed mu 2017. Pali zina zimene mipingo ikusiyanabe, monga za ubatizo ndi zoti kodi wopulumutsidwa angatayikenso. Koma pa funso lako, mdzukulu wanga, yankho lawo ndi limodzi: chisomo sichigulidwa.

Tsopano iwe mnyamata, sendera kuno. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Zoti munthu amapulumuka mwa chisomo unamva bwino, ndipo sindichotsapo kanthu. Vuto lako ndi loti unatseka Baibulo msanga. Aefeso 2:8-9 akunenadi kuti tinapulumutsidwa mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, kuti ndi mphatso, si zochokera ku ntchito, kuti wina asadzitame. Vesi 10 ili pomwepo, ndipo ikuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anatikonzeratu. Funso lako Paulo analiyembekezera. Pa Aroma 6 akufunsa yekha ngati tizingochimwabe kuti chisomo chichuluke, ndipo akukana kwamtuwagalu: ife amene tinafa ku uchimo tingakhalenso bwanji m'menemo? Pa Tito 2:11-12 akuti chisomo chomwecho chimene chimapulumutsa chimatiphunzitsanso kukana zosapembedza ndi zilakolako za dziko. Mwana sasesa pabwalo kuti asanduke mwana wa m'nyumbamo. Amasesa chifukwa ndi kwawo. Ife akuluakulu tikamakulondalonda pa khalidwe sitikunena kuti ugule chipulumutso, tikufunsa ngati ukukhaladi monga mwana wa pakhomopo.

Taona Zakeyu pa Luka 19. Anali mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, wolemera ndi ndalama za anthu a mtundu wake, wamfupi msinkhu, wokwera mumkuyu kuti aone Yesu. Yesu anaima pansi pa mtengowo, n'kumutchula dzina, n'kumuuza kuti atsike msanga chifukwa lero akhala kunyumba kwake. Pa nthawiyo Zakeyu anali asanabweze kalikonse, asanalonjeze kanthu, ndipo anthu anang'ung'udza poona Yesu akulowa kwa munthu wotere. Chimenecho ndicho chisomo, chimayamba ndicho. Koma taona chimene chinatsatira. Zakeyu anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apereka kwa osauka, ndipo aliyense amene anamulanda kanthu monyenga amubwezera kanayi. Palibe anamulamula. Yesu atamva, ndi pamene ananena kuti lero chipulumutso chafika panyumba imeneyi. Ukamuuza Zakeyu kuti zakale zapita, asunge ndalama za anthu aja, sakanakumvetsa.

Mwina undiuza za wachifwamba wa pamtanda, kuti iye sanabweze kanthu koma analonjezedwa Paradaiso. N'zoona, ndipo nkhaniyi ndi chitonthozo chachikulu kwa amene nthawi yawathera. Koma manja ake anali pamtanda ndipo anali ndi maola ochepa. Chimene akanatha anachichita: anavomera poyera kuti chilango chake chinali chomuyenera. Iwe manja ako ndi omasuka, ndipo mnzakoyo ukudziwa kumene amakhala.

Mulungu sanalekanitsepo mlandu wa kwa Iye ndi mlandu wa kwa mnzako monga mmene iwe ukuchitira. Pa Levitiko 6, munthu wonyenga mnzake pa nkhani ya chuma ankalamulidwa kubweza zonse, kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiponso kubweretsa nsembe yopalamula kwa wansembe. Yesu pa Mateyu 5:23-24 akuti ukafika ndi mphatso yako paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, isiye pomwepo mphatsoyo, upite ukayanjane naye, kenako ubwere udzapereke. Ndiye kuti Mulungu ndi wokonzeka kudikira chopereka chako, koma safuna kuti mnzakoyo azidikira. Ngakhale Davide uja, atakhululukidwa, zotsatira za tchimo lake sizinachoke m'nyumba mwake. Chikhululukiro chimachotsa kutsutsidwa pamaso pa Mulungu, koma sichibweza ndalama m'thumba la amene unamubera, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Chimene chikundiwawa kwambiri pa kalata yako ndi mawu akuti mnzakoyo akukusowetsa mtendere. Munthuyu anakumvera chisoni. Anamva kuti wadwalitsa, n'kutulutsa ndalama zimene mwina anasungira zina. Unamubera ziwiri, ndalama ndi chifundo chake, ndipo mawa wina wodwalitsadi akadzagogoda pakhomo pake adzayamba wakayika. Tsono ukamamuyankha kuti Mulungu anakukhululukira kale, ukumuphunzitsa kuti dzina la Mulungu ndi pobisalira anthu a ngongole. Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany amene boma la Hitler linamupha mu 1945, ankachitcha chisomo chotchipa chimenechi: kulalikira chikhululukiro popanda kulapa, chisomo chopanda kutsata Yesu. Ndipo usayerekeze kumutsegulira fanizo la kapolo wa matalente lija kuti akukhululukire ngongole. Kukhululuka ndi mphatso, mwini wake ndiye amapereka. Wolakwa saitanitsa.

Sindikunena kuti kulapa kwako kunali kwabodza, pakuti za mumtima mwako amazidziwa ndi Mulungu. Ndikunena kuti sikunathe. Kusowa mtendere kumene ukukumvako usakuthamangitse, mwina ndi chisomo chomwecho chikukukoka kuti umalize. Pita kwa mnzakoyo maso ndi maso, osati pa foni. Uyambe ndi bodza lija, ulitchule ndi dzina lake, usanafike pa ndalama: umuuze kuti panalibe wodwala. Usadzikometsere, usatchule mavuto amene unali nawo. Kenako mugwirizane za kabwezedwe. Ngati zonse pakamodzi sungathe, nena zimene ungathe pa mwezi, mulembe, pakhale mboni, ndipo tsiku likafika usadikire kuti akukumbutse. Akakulandira, thokoza. Akakana kukhalanso mnzako, usamuumirize ndipo usamunene kwa ena, ndalamazo ubwezebe mpaka zithe.