Chifukwa chake "Inde" wa anthu 57 pa 100 anagwa ku Florida

Achemwali, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti pa chisankho cha pa 5 Novembala 2024 anthu ambiri a ku Florida, limodzi mwa maboma a dziko la America, avomere Amendment 4, funso losintha malamulo aakulu a bomalo pofuna kuteteza ufulu wochotsa mimba, koma funsolo osadutsa. Mavoti sanabedwe ayi. Kumeneko, kusintha malamulo aakulu a boma la Florida kumafuna mavoti 60 pa 100 alionse. Amendment 4 inapeza pafupifupi 57, ndipo Amendment 3, yololeza akuluakulu kusuta chamba, inapeza pafupifupi 56. Zonse zinagwa, motero lamulo loletsa kuchotsa mimba ikadutsa milungu 6 linakhalabe. Malire a 60 amenewa anavomerezedwa ndi ovota eniake mu 2006.

Funso lisanafike pa pepala lovotera pamakhala ntchito yaikulu. Oliyambitsa anayenera kusonkhanitsa masiginecha ovomerezeka 891,523, omwe ndi 8 pa 100 ya mavoti a pulezidenti a 2020, pofika pa 1 Febuluwale 2024. Sangawatole onse mumzinda umodzi ngati Miami. Ayenera kukwanira m'theka la madera 28 osankha aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America. Ambiri amatayidwa pofufuza, mwina wosainayo sanalembetse kuvota, wasaina kawiri, kapena siginecha yake sikufanana ndi ya m'kaundula, n'chifukwa chake amatolera opitirira kwambiri. Kenako khothi lalikulu la Florida limaona ngati funsolo likukamba nkhani imodzi yokha komanso ngati chidule chake, cha mawu osaposa 75, sichikusocheretsa ovota. Amendment 4 inadutsa pamenepa pa 1 Epulo 2024, oweruza 4 kuvomera, 3 kukana.

Chenjeraninso ndi kusiya funso osachonga. Ku Florida amawerenga okhawo amene ayankha, koma ku Minnesota, boma lina la ku America, kusayankha kumawerengedwa ngati "Ayi".

Kwa ine, nkhondo yeniyeni imamenyedwa pa malire a mavoti ofunika kuti funso lidutse, ndipo ovota ayenera kuwayang'anitsitsa. Ku Missouri, tsiku lomwelo, funso lofanana linadutsa ndi mavoti osakwana 52 pa 100, poti kumeneko kuposa theka kunali kokwanira. Ku Ohio aphungu anayesa kukweza malire kufika pa 60 mu Ogasiti 2023, ovota anakana, ndipo mu Novembala chaka chomwecho funso la kuchotsa mimba linadutsa ndi pafupifupi 57 pa 100, chiwerengero chomwe chija chinalephera ku Florida.