Koleji ya ku Lakeview: yankho kwa mayi wa ku Linthipe

Mayi wina wa ku Linthipe m'boma la Dedza anandilembera kalata pa imelo sabata yathayi. Mwana wawo wamkazi anakhoza bwino mayeso a MSCE, koma dzina lake silinatuluke pa masankho a mayunivesite a boma, choncho akulingalira zomutumiza ku Lakeview, sukulu ya ukachenjede ya mpingo wa Seventh-day Adventist imene ili ku Mlangeni kuno ku Ntcheu. Mafunso awo ndi awiri. Loyamba, akufuna kudziwa kumene sukuluyi inachokera, popeza iwo akhala akuidziwa ngati malo osulirako abusa basi. Lachiwiri, akufunsa ngati mwana wa m'banja la Chikatolika angakhaleko mwamtendere.

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti simunalakwitse kuiganizira ngati sukulu ya abusa, chifukwa ndi mmene inayambira. Mpingo wa Adventist unakhazikika m'dziko muno mu 1902, pamene unagula kwa a mpingo wa Seventh Day Baptist mishoni ya Plainfield ku Thyolo, imene inayambitsidwa ndi mmishonale Joseph Booth ndipo pambuyo pake inatchedwa Malamulo. Kuchokera kumeneko ntchito ya mpingowu inafalikira m'zigawo zina, ndipo ku Lakeview kunakhala seminale yophunzitsa atumiki a mpingo. Mu 1996 akuluakulu a mpingowu anagwirizana zokweza seminaleyo kuti ikhale koleji, ndipo m'zaka zotsatira inakula mpaka kukhala Malawi Adventist University, itagwirana manja ndi University of Eastern Africa, Baraton, ya ku Kenya, imenenso ndi ya mpingo womwewo. Lero yunivesiteyi ili ndi nthambi ina ku Malamulo, kumene amaphunzitsa za umoyo, pamene kuno ku Lakeview kuli maphunziro monga a zamalonda, a uphunzitsi ndi a zaumulungu.

Sikuti a Adventist anali okha pa njira imeneyi. Kwa zaka zoposa makumi atatu chiyambire 1965, dziko lonse linkadalira University of Malawi yokha, ndipo ana ambiri okhoza bwino ankatsala pakhomo chifukwa chosowa malo, monga momwe zachitikira ndi mwana wanu lero. Mipingo ndiyo inaona kusowaku msanga: sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite yake mu 2003, ndipo Akatolika anatsegula yawo ku Nguludi mu 2006.

Mbiri imeneyi ndiyo ikuyankha funso lanu lachiwiri, chifukwa sukulu imene inabadwa ngati seminale siitaya chikhalidwe chake ngakhale italandira ophunzira a zamalonda. Chimene mwana wanu adzayambe kuchiona ndi Sabata. Kwa a Adventist, Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa ndipo limatha Loweruka dzuwa likalowanso, ndipo m'maola amenewo mulibe kalasi, mulibe mayeso, mulibenso masewero a mpira. Ndinafikako Lachisanu lina masana, ndipo ndinapeza zingwe zoyanikira zovala zitadzaza, wina akusita malaya oyera mothamanga uku akusuzumira kumene kuli dzuwa, wina akupukuta nsapato pakhonde. Kutangoyamba chisisira phokoso lonse linatha, kenaka kunamveka nyimbo za kwaya kuchokera m'kachisi. Ine si wa mpingowu, koma ndivomereze kuti pa kuyimba a Adventist anapatsidwa mphatso, ndipo mwana wokonda kuyimba sachedwa kupeza anzake kumeneko.

Sukulu za mpingowu zimalandira ophunzira a mipingo ina, ndipo kubatizidwa si chiphaso cholowera. Komabe ndisakunamizeni kuti mwana wanu adzakhala monga momwe akanakhalira ku Zomba kapena ku Bunda. Adzayembekezeka kulemekeza malamulo a pamalopo: mowa ndi fodya n'zoletsedwa, nyama ya nkhumba musaiyembekezere m'mbale, kavalidwe kamayenera kukhala kaulemu, ndipo mapemphero ndi mbali ya moyo wa pasukulu. Makolo ena zimenezi ndi zimene amazifuna, pamene ana ena amaziona ngati goli. Inu ndi amene mumamudziwa mwana wanu, ndipo nkhani ya Misa ya Lamulungu ndi bwino mukaifunse nokha kwa akuluakulu a sukulu musanalipire kalikonse, kuti mumve ndi makutu anu mmene amachitira ndi ophunzira ofuna kukapemphera kunja.

Kuchepa kwa sukuluyi kuli ndi mbali ziwiri, ndipo ine ndimaona kuti ubwino wake ndi wochuluka. Pa koleji yaing'ono mphunzitsi amadziwa wophunzira ndi dzina lake, ndipo amene wajomba kalasi amadziwika tsiku lomwelo, zimene sizingatheke m'holo ya anthu mazana angapo. Koma pamalo pamene aliyense amadziwa mnzake nkhani sizichedwa kuwanda, ndipo mwana wozolowera moyo wa m'tauni amatha kuona ngati watayidwa kumudzi. Mlangeni si Lilongwe. Kuyenda kwa ophunzira ndi kukwera minibasi pa msewu wa M1 kupita pa Lizulu, kumene amagula mbatatesi, kabichi ndi tomato pa mtengo umene anzawo a m'mizinda angaulakelake, ndipo akangodumpha msewuwo amakhala aponda kale dziko la Mozambique. Za kuzizira sindikuuzani zambiri inu a ku Dedza, koma bulangete limodzi silikwana m'miyezi ya June ndi July.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma ndi chachikulu kuposa zonsezi. Musanasankhe sukulu iliyonse yomwe si ya boma, kaya ya mpingo kaya ya munthu, onani mndandanda wa bungwe la National Council for Higher Education, limene limavomereza sukulu za ukachenjede m'dziko muno. Musangoyang'ana dzina la yunivesite, koma muonenso ngati maphunziro enieniwo amene mwana wanu akufuna ali ovomerezeka, chifukwa bungweli limaunika maphunziro alionse paokha. Nkhani imeneyi imakhudzanso ngongole za fizi za Higher Education Students' Loans and Grants Board, zimene wophunzira wa ku yunivesite yomwe si ya boma angathe kufunsira ngati sukulu yake ndi yovomerezeka.

Kuchokera ku Linthipe kukafika ku Mlangeni ndi msewu umodzi womwewo wa M1, kudutsa pa Dedza ndi pa Lizulu, ndipo mukhoza kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo. Mupite naye mwanayo Lachisanu m'mawa maofesi akadali otsegula, mukafunse za fizi ndi malo ogona, kenaka mukamusiye acheze yekha ndi atsikana anzake a kumeneko inu mutakhala patali pang'ono.